Maphunziro a othawa kwawo akufunika lamulo lowatsegulira khomo

Akuluakulu a ku Magaleta ndi madera ena a m'boma la Neno amakumbukira bwino zaka zomwe nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique inathamangitsira anthu m'dziko muno. Pofika mu 1992, pamene Frelimo ndi Renamo zinasainirana pangano la mtendere ku Rome, Malawi inkasunga anthu othawa nkhondoyo oposa 1 miliyoni. Ena mwa iwo ankakhala pa msasa wa Luwani, m'boma la Neno lomweli. Msasawu unatsekedwa mu 2007, koma unatsegulidwanso mu 2016 pamene anthu a m'chigawo cha Tete anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza.

Munthu wothawa kwawo amasiya munda, ziweto, nyumba ndi manda a makolo ake. Chomwe amaoloka nacho malire popanda wina kumulanda ndi nzeru za m'mutu mwake. N'chifukwa chake makolo a m'misasa amalirira sukulu ngakhale chakudya chisanakwane.

Palibe anthu amene aonetsa zimenezi kwa nthawi yaitali kuposa Apalestina. Pa nkhondo ya mu 1948, pamene dziko la Israel linkakhazikitsidwa, Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Mu 1949 bungwe la United Nations linakhazikitsa nthambi ya UNRWA yoti iziwathandiza, ndipo makalasi oyamba anali m'matenti. Patapita zaka, sukulu za nthambiyi zinafika pafupifupi 700 ku Gaza, West Bank, Jordan, Lebanon ndi Syria, ophunzira n'kukwana pafupifupi theka la miliyoni. Ana a alimi olandidwa minda anasanduka aphunzitsi, madokotala ndi mainjiniya. Ambiri anakagwira ntchito ku Kuwait ndi maiko oyandikana nawo, n'kumatumiza ndalama zophunzitsira azing'ono awo. Asilikali a Israel atatseka yunivesite ya Birzeit kuyambira 1988 mpaka 1992, aphunzitsi anapitiriza kuphunzitsa m'nyumba za anthu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti.

Komabe mbiri yomweyi ikuonetsa pomwe mphamvu ya satifiketi imathera. Ku Lebanon, Mpalestina wobadwira komweko saloledwa kugwira ntchito zambiri zaukatswiri, monga zaudokotala ndi zauloya, ngakhale atakhoza bwanji. Ku Gaza, nkhondo yomwe inabuka mu October 2023 inachotsa pasukulu ana oposa 600,000, ndipo sukulu zambiri ndi mayunivesite zinaphwasulidwa. Maphunziro amamupatsa munthu mphamvu, koma lamulo ndi mtendere ndi zomwe zimamupatsa malo ogwiritsirapo ntchito mphamvuzo.

Kuno kwathu nkhani imeneyi ili pa msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Malowa anali ndende ya akaidi andale m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo anasanduka msasa mu 1994. Anakonzedwa kuti azisunga anthu pafupifupi 12,000, koma lero alipo oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa sukulu pamsasapo, ndipo kuyambira mu 2010 ophunzira ena akhala akuchita maphunziro a ukachenjede kudzera pa intaneti. Owerengeka amapeza mwayi wa sikolashipu ya DAFI, yomwe boma la Germany limathandiza, kapena kupita ku Canada kudzera ku bungwe la WUSC.

Chomwe chimawatsekereza ndi lamulo. Pomwe dziko lino linkavomereza pangano la maiko onse la mu 1951 lokhudza othawa kwawo, silinavomereze mokwanira ndime zokhudza ufulu woyenda, wolembedwa ntchito ndi wamaphunziro a m'sukulu za boma. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la mu 1989, lolembedwa m'nyengo ya nkhondo ya ku Mozambique, pamene aliyense ankayembekezera kuti alendowo abwerera posachedwa. Lero pa Dzaleka pali anyamata ndi atsikana amene anabadwira pomwepo, amalankhula Chichewa ndipo analemba mayeso a MSCE pamodzi ndi ana athu, koma saloledwa kukakhala kunja kwa msasa. Mu May 2023 boma linatenga othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'mizinda n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo ana ena anasiyira sukulu panjira.

Mbiri ya Dr Mireille Twayigira ikusonyeza zomwe zimachitika khomo likatseguka. Iye anathawa ku Rwanda ali kamwana mu 1994, ndipo atazunzika m'maiko angapo anadzafika pa Dzaleka. Anakhala mmodzi mwa atsikana okhoza bwino kwambiri mayeso a MSCE m'dziko muno, n'kupeza mwayi wokaphunzira zaudokotala ku China. Kuti athe kuyenda, boma linamupatsa unzika wa Malawi, ndipo anamaliza maphunzirowo mu 2016. Nzeru anali nazo kale. Chomwe chinkasowa chinali pasipoti.

Mu 2019, pa msonkhano wa maiko onse wokambirana za othawa kwawo ku Geneva, Malawi inalonjeza kuunikanso malamulo ake ndi kuwaphatikiza anthuwa m'mapulani a chitukuko. Kwa boma ngati Neno, lomwe lachita malire ndi Mozambique ndipo lalandirapo alendo otere kangapo, lonjezolo lili ndi phindu looneka. Akumidzi ngati Magaleta amadziwa kuvuta kwa kusowa namwino kuchipatala kapena mphunzitsi wa masamu kusukulu, pamene achinyamata ophunzira akungokhala pamsasa kudikira chakudya cha mwezi. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nyumba ya Malamulo ndi imene ili ndi mphamvu yosintha lamulo la mu 1989 kuti amene dziko lino lawaphunzitsa athe kulitumikira.