Ana akamakongoletsa chithunzi cha Tina Turner

Tsitsi loimirira ngati manyenje a mkango, diresi lalifupi lonyezimira, nsapato zagogoda ndi maikolofoni m'manja. Umu ndi mmene Tina Turner, yemwe ankatchedwa mfumukazi ya chamba cha rock, amaonekera pa mapepala a mizere yokhayokha omwe amapezeka pa intaneti kuti ana azikongoletsa ndi chekeni.

Mwana wa zaka 6 sangamudziwe mayiyu, yemwe adamwalira pa 24 May 2023 ku Küsnacht m'dziko la Switzerland ali ndi zaka 83. Omudziwa ndi makolo ndi agogo amene adavina nyimbo zake m'zaka za m'ma 1980. Choncho mwana akagwira chekeni n'kufunsa kuti “ameneyu ndani?”, yankho lili ndi akuluakuluwo.

Poyambira pabwino ndi pamunda wa thonje. Woyimbayu adabadwa pa 26 November 1939 ku Brownsville m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo dzina lake lenileni lidali Anna Mae Bullock. Adakulira ku Nutbush, dera la alimi, komwe ankatola thonje ali mwana. Sukulu yake ya Flagg Grove idali ya chipinda chimodzi, ya ana akuda okhaokha, poti masiku amenewo tsankho lidali lamulo kumeneko. Nyumbayo adainyamula kupita nayo ku Brownsville, ndipo kuchokera mu 2014 ndi malo osungirako zovala ndi mbiri ya woyimbayu. Mwana wa ku Balaka kapena Chikwawa, yemwe amadziwa mmene kutola thonje kumapwetekera msana, nkhaniyi sangaimve ngati yachilendo.

Mafunso a ana sachedwa. Loyamba limakhala la khungu: lipakidwe mtundu wanji? Funsoli lili ndi mbiri yake. Kampani ya Crayola ya ku America inkatchula mtundu wina wotuwira ndi dzina lotanthauza “thupi”, ngati kuti anthu onse ndi oyera, mpaka mu 1962 pamene idasintha dzinalo. Mu 2020 idatulutsa bokosi la mitundu 24 ya khungu la anthu. M'kabokosi ka mitundu yochepa kogula m'golosale mwana amangopeza wa bulauni umodzi, koma ndi wokwanira: akasindikiza dzanja umada, akapepuza umawala.

Tsitsi lija nalo lili ndi chinsinsi. Idali wigi. Tina adayamba kuvala mawigi cha mu 1960 mankhwala a kusaluni atamuthothola tsitsi, ndipo ngoziyo ndiyo idabala maonekedwe amene dziko lonse lidamudziwa nawo.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene pepala silionetsa, ndipo apa ndi pomwe kholo limameza malovu. Dzina loti Tina Turner adamupatsa ndi Ike Turner, mtsogoleri wa gulu loyimba yemwe adakumana naye ku St. Louis n'kudzakhala mwamuna wake. Pamaso pa anthu awiriwa ankawala. Kunyumba kudali zibakera, monga Tina adafotokozera yekha m'buku la mbiri yake la mu 1986. Mu July 1976, atamenyedwa ali paulendo wokayimba mumzinda wa Dallas, adathawa pahotela ali ndi masenti 36 okha. Ukwati utatha kukhoti mu 1978, adasiya pafupifupi chuma chonse, koma dzina loyimbira adalikakamira.

Zidatsatira ndi zaka za ngongole ndi kuyimba m'malo ang'onoang'ono. Kenako mu 1984 chimbale chake cha Private Dancer chidagwedeza dziko, ndipo nyimbo ina ya m'menemo idafika pa nambala 1 ku America iye ali ndi zaka 44, msinkhu umene ambiri ankati woyimba wamkazi watha ntchito. Mu January 1988 anthu pafupifupi 180,000 adalipira kukamuonera pabwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Mu 1996 adayimbanso ku Cape Town, Durban ndi Johannesburg.

Kodi zonsezi n'zouza mwana? Za magazi ndi mabala ayi. Koma kudumphiratu za Ike, n'kungokamba za madiresi ndi kutchuka, ndi kumumana mwana fupa la nkhani. Wamng'ono mawu ochepa amukwanira, oti mayiyu ankamenyedwa ndi mwamuna wake, adachoka, ndipo sadalakwe. Wamkulupo angauzidwenso kuti kuno ku Malawi kuli lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006. Si chinsinsi kuti ana ena adzakongoletsa pepalali m'nyumba momwe usiku mumamveka kulira, ndipo mawu okhawo amene adamvapo akulu akunena ndi oti banja ndi kupirira.

Za kufupika kwa diresi, agogo ena sangalephere kuguguda pakhosi. N'zomveka, poti adakula ndi lamulo la kavalidwe la mu 1973 lomwe linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka mu 1993. Amene zikumuvuta asankhe chithunzi cha nkhope yokha. Ziliponso zambiri.

Pepala limodzi losindikiza pamalo a fotokope lingachulukitsidwe n'kukwanira ana a nyumba zingapo. Komwe makina kulibe, kuika pepala loyera pamwamba pa chithunzi pawindo n'kulondola mizere ndi pensulo kumathandiza. Ana aang'ono amafuna chithunzi cha mizere yonenepa. Okulirapo angathe kudula timapepala tonyezimira ta maswiti n'kumata pa diresi, ndipo tsitsilo limakhala bwino ndi ulusi wolukira majuzi kapena luzi la khonje lomata ndi guluu.