Wailesi ya kanema yakale ija musaitaye

Anthu a ku Chitawira ndi oyandikana ndi nyumba youlutsira zithunzi ya ku Kwacha, kumene Television Malawi inayambira ntchito yake mu 1999. Amene anagula wailesi ya kanema masiku amenewo akukumbukira kuti mvula ikamagwa kapena eriyo ikapendekeka, chithunzi chinkadzaza timadontho tonga mpunga, komabe munthu ankatha kuzindikira nkhope ya wowerenga nkhani. Lero sizitero ayi. Chithunzi chimaoneka bwino lomwe, apo ayi chimangoima, kuphwanyika m'timabokosi kenaka n'kuzimiratu. Kodi chinasintha n'chiyani?

Yankho lagona pa mau awiri: analogi ndi dijito. Taganizani za sikelo ya muvi ndi sikelo yolemba manambala. Muvi umayenda pang'onopang'ono motsatira kulemera kwa katundu, osadumpha malo. Imeneyo ndiyo analogi. Sikelo inayo imasandutsa kulemerako kukhala nambala. Imeneyo ndiyo dijito.

Pa analogi, mphamvu ya magetsi kapena mafunde a mumlengalenga amakwera ndi kutsika mofanana ndi mau a wolankhula. Tsono chilichonse chosokoneza panjira, monga mphezi kapena injini ya galimoto, chimasakanikirana ndi uthengawo ndipo n'kovuta kuchichotsamo. Ndi chifukwa chake kaseti yojambulidwa kuchokera ku kaseti inzake inkalira mosamveka bwino, yachitatu n'kuipiraipira.

Pa dijito, makina amayeza mauwo kambirimbiri ndi kulemba muyeso uliwonse m'manambala awiri okha, 0 ndi 1. Chimbale cha CD, chimene chinayamba kugulitsidwa mu 1982, chimasunga miyeso 44,100 pa sekondi imodzi. Ngakhale uthenga ufooke panjira, makina olandira amangofuna kudziwa ngati ndi 0 kapena 1, ndipo amaubwezeretsa monga unalili. Koma ukafooka kwambiri mpaka manambalawo osawerengekanso, zonse zimaduka nthawi imodzi. Zimenezi ndizo mumaona chithunzi chikaima.

Mu 2006, maiko a mu Africa, Ulaya ndi ena anagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la ITU, kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamutsira kanema ku dijito. Chifukwa chachikulu chinali malo a mumlengalenga. Mpata umene unkanyamula siteshoni imodzi ya analogi ungathe kunyamula masiteshoni oposa khumi a dijito, ndipo malo otsalawo amapita ku mafoni a m'manja ndi intaneti. Dziko la Malawi linasankha njira yotchedwa DVB-T2, ndipo boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited kuti izifalitsa zithunzi za masiteshoni osiyanasiyana. Dikoda ya Kiliye Kiliye ndi ya kampani imeneyi.

Apa ndi pamene mabanja ayenera kusamala ndi ndalama zawo. Choyamba, wailesi ya kanema yakale ya chimsana ija sinathe ntchito. Dikoda ndiyo imawerenga manambala ndi kuwasandutsa chithunzi chimene wailesi yakaleyo ingathe kuonetsa. Chachiwiri, si wailesi iliyonse yopyapyala imene imalandira dijito payokha. Zina zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kunja zinapangidwira njira za maiko ena. Mukapita kukagula ku Limbe, funsani ngati ili ndi DVB-T2, ndipo muone nokha mau amenewa pabokosi kapena m'kabuku kake. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Chachitatu, musalipire ndalama zambiri chifukwa wogulitsa wati eriyo yake ndi "ya dijito". Eriyo imangokoka mafunde, siisankha. Ya UHF yabwino, yokwezedwa pamwamba ndi kulozetsedwa kumene kuli mlongoti woulutsira, ndi yokwanira. Chithunzi chikamaimaima, yambani mwaona eriyo ndi waya wake musanathamangire kwa wokonza.

Komanso tisaganize kuti analogi inatheratu. Wailesi ya FM imene agogo amamvera pakhonde ndi ya analogi. Ngakhale foni ya m'manja, imene ndi ya dijito, imayenera kusandutsa manambala ake kukhala mafunde a mau isanakulankhuleni, pakuti khutu la munthu silimva 0 ndi 1.