Nkhokwe yodzaza, magazi ochepa: mkangano wa mgaiwa ku Bolero

Mgaiwa wabwereranso pamoto. Chiyambireni matenda a shuga ndi BP kuopsa anthu, ngakhale mabanja omwe kale ankati mgaiwa ndi wa ana asukulu zogonera konko kapena wa chaka cha njala, lero akugayitsa chimanga chosakonola. Ku Rumphi nakonso ndi momwemo. Koma pamzere wa kuchigayo palibe amafunsa ngati ayironi wa mu mgaiwamo amafikadi m'magazi.

Kufupi ndi Bolero, dera la fodya ndi chimanga, tidapeza mayi wina woyembekezera ali pamphasa kuseri kwa nyumba akusankha nyemba. Mimbayi ndi yachitatu. Nkhokwe yake ndi yodzaza, ndipo pakhomopo palibe anganene kuti pagona njala. Koma zikhatho zake zayera ngati wagwira ufa, ndipo akatsitsa chikope, mkati mwake mulibe kufiira. Akamachokera kumjigo amatula ndowa kawiri panjira, mtima ukuthamanga, maso akuchita chidima. Pansonga ya chitenje adamangapo kadothi ka pachulu, ndipo amati akalawako pang'ono mtima umakhala m'malo. Kusikelo adamuuza kuti ndopa, monga amanenera magazi m'Chitumbuka, zachepa. Mapiritsi omwe adampatsa amamwera tiyi, chifukwa akamwera madzi amamuchititsa nseru. M'mawa ndi phala la mgaiwa, masana nsima ya mgaiwa ndi nyemba, madzulo nsima yomweyo ndi masamba.

Apongozi ake akuloza chala mgaiwa. Iwo adakula akukonola, kuviika mphale masiku angapo, kutsuka, kuyanika, kenako n'kusinja ufa woyera, ndipo akuti mwana wa munthu sangakhale ndi magazi pakudya madeya a nkhuku. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo akutsutsa: chakudya chenicheni cha chimanga chili m'gaga ndi mu mtima wake, zomwe wokonola amataya.

Onse awiri akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Mu mtima wa njere ya chimanga, momwe muli ayironi wambiri, ndi momwenso mumakhala phytate, nkhokwe ya phosphorus yomwe mbewu imasungira mmera wake. Nyemba, soya ndi mtedza nazonso zili naye. Chakudya chikafika m'matumbo, phytate amakanirira ayironi n'kupanga kanthu kosasungunuka. Chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, chomwe chimayamwa ayironi, chimalephera kumutenga, ndipo amatuluka ndi chimbudzi. Thupi la munthu lilibe phytase wokwanira, yemwe ndiye amaphwanya phytate. Choncho transferrin, puloteni yonyamula ayironi m'magazi kupita naye m'mafuta a m'mafupa komwe magazi amapangidwa, imayenda yosadzaza.

Kodi kuviika ndiye mankhwala? Kumathandiza. Kafukufuku yemwe adachitika kuno ku Malawi adaonetsa kuti kuviika ufa wa chimanga n'kutaya madziwo kumachotsa pafupifupi theka la phytate. Vuto n'lakuti theka lotsalalo likadali lamphamvu. Ku Sweden mu 1989 ofufuza adapeza kuti mamiligalamu 2 okha a phosphorus wa mu phytate adachepetsa ayironi wolowa m'thupi ndi 18 peresenti, 25 adachepetsa ndi 64 peresenti, pomwe 250 adachepetsa ndi 82 peresenti. Ufa woyera wa apongozi uli ndi phytate wochepa, inde, koma ayironi wake wambiri adapita ndi madeya ndi madzi a mphale. Ufa wothiridwa ayironi kufakitale sufika pakhomo lomwe limagayitsa chimanga cha m'nkhokwe yake.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti uphungu wa "idyani mgaiwa" umaperekedwa woduka. Chofunika kwambiri ndi zomwe zili pambali pa nsimayo. Vitamini C wa mu mandimu, magwafa, malambe kapena matimati osapsetsa amathandiza ayironi kukhalabe wosungunuka, ngakhale phytate alipo. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba phytate samugwira kwenikweni, ndipo usipa pang'ono wochokera ku Chiweta kapena Mlowe umathandizanso kuti wa mu nyemba alowe. Chimera cha mawere, chomwe amayi a kuno amaphikira chindongwa, chimadzutsa phytase mbewu ikamamera. Tiyi yemwe mayi uja amamwera mapiritsi amachita zosiyana: nayenso amamanga ayironi.

Si kuchepa kwa magazi konse kochokera m'mbale. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 63 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi amayi 33 mwa 100 anali ndi magazi ochepa, koma wina wa nthawi yomweyo adapeza kuti ana operewera ayironi anali 22 mwa 100. Malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo zili ndi gawo lake. Munthu akadwala, chiwindi chimatulutsa hepcidin wambiri, yemwe amatseka njira yomwe ayironi amatulukira m'matumbo kulowa m'magazi. Pamenepo ngakhale phala la ufa woviikidwa bwino silingathandize kwenikweni mpaka matendawo atachizidwa.

Titatsanzika, apongozi ndi mlangizi anali asanagwirizane. Mayi uja adatiperekeza pang'ono, n'kuima kuti apume pansi pa mtengo wa mandimu womwe uli pafupi ndi khitchini yake. Pansi panali mandimu akugwa okha, ena atayamba kuola. Pakhomopo amathyola mandimu wina akadwala chimfine basi.