Akazi ndi ana a asilikari pa cilumba ca Mauritius, 1899-1900

Akuluakulu akamakamba za asilikari akale, kawirikawiri amachula amuna okhaokha: uje anamenya nkhondo ku Burma, uje anabwera ndi mendulo pacifuwa. Koma msilikari naye ndi mwana wa munthu, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi mabanja. Nkhani ino ikufotokoza za mabanja a asilikari amene anatsika mtsinje wa Zambezi m'caka ca 1899, nakwera sitima pa Chinde kupita ku cilumba ca Mauritius. Tiona cimene cinawatengera kumeneko, m'mene anayendera, ndi moyo umene akazi ndi ana anakaupeza kwa eni.

Kodi anali ayani?

M'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire a maiko amene anali kulanda kuno kwathu. Dziko limene lero ndi Malawi linakhala m'manja mwa Angerezi. Pa nthawi ya nkhaniyi linali kuchedwa British Central Africa, ndipo mu 1907 linapatsidwa dzina lakuti Nyasaland. Bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anaitanitsa asilikari a mtundu wa Asikh kucokera ku India, kenaka nayamba kulemba anthu akuda ndi kuwaphunzitsa mfuti. Msonkho wa nyumba utayamba, anyamata ambiri anafunafuna kopezera ndalama, ndipo usilikari unali imodzi mwa nchito za malipiro a pamwezi.

Kuciyambi kwa 1899 boma linakhazikitsa ku Zomba gulu laciwiri la asilikari, lakuti likagwire nchito kunja kwa dziko. Olembedwawo anali Ayao, Atonga ndi a mitundu ina. Tisaiwale kuti malire a 1891 anadula pakati pa anthu a mtundu umodzi. Ayao anali tsidya lino ndi tsidya lija, ndipo m'zaka zomwezo Alomwe ambiri anali kucoka kuno ku Moçambique kukakhala ku mapiri a Mulanje ndi Zomba. Cotero nkhaniyi si ya anansi athu okha ai, ndi yathu yomwe.

M'mwezi wa Juni 1899 gululi linatumizidwa kukalondera Mauritius. Asilikari akuda anali oposa 800, pamodzi ndi Asikh owerengeka ndi akuluakulu aciyera ocepa. Akazi amene anatsagana nao anali oposa 200, ndipo panalinso ana makumi angapo. Kunena kwina, mwa amuna anai aliwonse, mmodzi yekha ndiye anali ndi mkazi wace paulendowu.

Ulendo wace

Masiku amenewo njanji kunalibe. Ya pakati pa Blantyre ndi cigwa ca Shire inatsegulidwa mu 1908. Munthu wofuna kufika ku nyanja yamcere amayenda pansi kutsika mapiri kufikira ku mtsinje wa Shire, nakwera sitima zazing'ono zoyendera nkhuni. Sitimazo zimatsata Shire mpaka pamene athirira mu Zambezi, nizipitirira mpaka ku Chinde. Pa Chinde Apwitikizi anabwereka Angerezi kadera kakang'ono kosungirapo katundu, malinga ndi pangano lija la 1891. Pakamwa pa mtsinjewo pali mcenga wambiri, motero sitima zikuluzikulu zimaima kutali, ndipo anthu amapitako pa maboti.

Taganizani, inu amayi owerenga, munthu amene sanaoneko madzi opanda tsidya, mwana ali kumbuyo, mtolo wa mphika ndi mphasa uli pamutu, akukwera cinthu cimene cikugwedezeka usana ndi usiku. Mauritius ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kucokera ku gombe la Afrika, kuseri kwa Madagascar. Ndi kadziko kakang'ono, makilomita ngati 65 m'litali ndi 45 m'lifupi. Angerezi anakalanda kwa Afalansa mu 1810, ndipo cuma cace cinali nzimbe.

N'cifukwa ciani boma linalola akazi?

Wina angayese kuti cinali cifundo. Koma akulu a asilikari anali ndi zifukwa zao. Mkazi amaphika, amatunga madzi, amacapa, amasesa, ndipo nchito zonsezi boma silinali kumlipira. Anaonanso kuti mwamuna wa banja sathawa usilikari msanga, ndiponso sayendayenda m'midzi usiku kukaputa milandu ndi matenda. Cotero mkazi anali mzati wa kampu, ngakhale dzina lace silinalembedwe pa mndandanda wa olandira ndalama.

Nyumba za asilikari zimamangidwa m'mizere, ndiye cace anthu amati "kumalaini". Tsiku limayamba ndi lipenga, limathanso ndi lipenga. Cakudya cimaperekedwa mwa muyeso, cija timati phoso. Akuluakulu amayendera malaini kuona ngati pakhomo mpoyera, ndipo mkazi amene amuona kuti ngwosokoneza amatha kumpitikitsa m'kampu. Munthu sanali msilikari, koma lamulo la usilikari limamgwira ndithu.

Apa pali cinthu cimene tiyenera kucimvetsa bwino. Pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, mwambo waukulu ndi wa cikamwini. Mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi. Mkazi amakhala pa mudzi wa amace, amalima munda wa mbumba yace, ndipo zikavuta m'nyumba amathamangira kwa alongo ace kapena kwa amalume. Kumalaini zonsezi zinatembenuka. Mkazi ndiye anasanduka mlendo, wokhala m'nyumba ya boma cifukwa ca nambala ya mwamuna wace. Munda analibe, nkhokwe analibe. Ankhoswe anatsala kumudzi, ndipo mlandu wa banja umapita kwa sajeni, ukakula umafika kwa mzungu. Mwana akadwala, kapena nthawi ya kucira ikakwana, anamkungwi ndi azamba ace anali akazi anzace a m'malaini momwemo, ena a mtundu wina ndi cinenero cina.

Kwa eni

Pa cilumbapo zinthu zambiri zinali zacilendo. Cakudya ca tsiku ndi tsiku ca anthu akumeneko cinali mpunga, wambiri wocokera ku India. Ndalama yao inali rupiya. Pamsika anthu amalankhula Cikiriyo, cinenero cobadwa ku Cifalansa, ndi zinenero za ku India, pakuti kuyambira 1834 Amwenye zikwizikwi anatengedwa kukalima nzimbe. Malungo anali atakhazikika pacilumbapo kuyambira mliri waukulu wa 1867, ndipo m'caka comweco ca 1899 mliri wa makoswe unalowa mu mzinda wa Port Louis.

Koma cobvuta copambana sicinali cakudya kapena matenda. Anthu ambiri a pacilumbapo sanafune kuti alonderedwe ndi asilikari a ku Afrika. Anaciona ngati cipongwe, ndipo anawanyoza ndi kuwaseka poyera.

Comvetsa cisoni ndi ici. Ukapolo usanathe pacilumbapo mu 1835, akapolo ambiri a m'minda ya nzimbe anacokera ku Madagascar ndi ku gombe lathu lino, kudzera pa madoko ngati Quelimane ndi Ilha de Moçambique. Ena mwa iwo anagwidwa kumtunda, ku maiko a Amakua, Ayao ndi Anyanja. Akapolo onse ocokera ku mtunda wa Afrika amangochedwa "Mozambique", ndipo m'kupita kwa nthawi dzinalo linasanduka mau otukwanira munthu wakuda. Ndiye kuti pakati pa anthu amene anakumana ndi asilikariwa m'misewu panali zidzukulu za anthu ocokera kwao komweko. Ukapolo unawalekanitsa kotero kuti sanathe kudziwana.

Munthu ukamnyoza tsiku ndi tsiku, mtima umadzaza. M'mwezi wa Disembala 1899 gulu la asilikari linatuluka m'kampu popanda cilolezo, nilikacita ciwawa pa mudzi wina wapafupi. Sitinganene kuti anacita bwino, pakuti ciwawa ca gulu sicisankha wolakwa ndi wosalakwa. Ndipo cilango cimene cinatsatira sicinasankhenso.

Ku Flat Island

Boma linacotsa gulu lonse pa cilumba cacikulu, nilikaliika pa kacilumba kochedwa Flat Island, kapena Île Plate m'Cifalansa. Kali kumpoto, makilomita oposa pang'ono 10 kucokera ku gombe, ndipo kukula kwace ndi mahekitala ngati 250 basi. Kacilumba kameneka kanali malo opatulirako anthu obwera pa sitima amene akuganiziridwa kuti ali ndi kolera kapena nthomba. Kalibe mtsinje, kalibe msika, kalibe mudzi. Ciriconse cofunika pa moyo cimayenera kubwera pa boti, ndipo miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale ndiyo nyengo ya namondwe m'nyanja imeneyo.

Mkazi amene analola kutsata mwamuna wace sanasankhe kumene gulu lipite, sanasankhe tsiku lonyamuka, ndipo sanafunsidwe pamene zinthu zinaipa. Umenewu ndiwo mtolo wa banja la msilikari m'dziko liri lonse: lamulo limalembedwa kwa mmodzi, koma olisenza ndi nyumba yonse.

Kumene gululo linapita pambuyo pace

Mu Febuluwale 1900 gululo linacotsedwa ku Mauritius kupita ku Berbera, m'dziko la Somaliland, kumene Mohammed Abdullah Hassan anali atayamba kusonkhanitsa anthu kulimbana ndi Angerezi. Caka comweco gawo lina linatumizidwa kutali ku Gold Coast, kumene lero ndi Ghana, ku nkhondo imene Aashanti anamenya motsogozedwa ndi mfumukazi Yaa Asantewaa. Ena anakafika ku Gambia mu 1901. Anyamata amene anacoka ku Zomba atauzidwa za kulondera cilumba anapezeka atazungulira mbali zonse za Afrika.

Pa 1 Januwale 1902 magulu a asilikari akuda a Angerezi a kum'mawa ndi pakati pa Afrika anaphatikizidwa pansi pa dzina limodzi, King's African Rifles. Ndiko kunacokera mau aja akuti "Keyala". Mu Epulo 1903 asilikari ambiri a gulu laciwiri lomwe lija anaphedwa pa Gumburu ku Somaliland, ndipo midzi yambiri inalira maliro opanda mtembo.

M'nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945 asilikari a Keyala anapita ku Ethiopia, ku Madagascar, ku Ceylon ndi ku Burma, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 anapita ku Malaya. Pa maulendo amenewa akazi sanapite nao. Banja limagwirizana ndi zinthu ziwiri: gawo la malipiro limene limatumizidwa kwa mkazi kudzera ku boma, ndi kalata. Cinyanja ndico cinali cinenero ca malamulo m'magulu a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia, ndipo amuna ambiri anaphunzira kuwerenga ndi kulemba ali ku usilikari komweko. Koma kumudzi akazi odziwa kuwerenga anali ocepa. Kalata ya mwamuna imapita kwa aphunzitsi kapena kwa mwana wa sukulu kuti aiwerenge mokweza, ndipo yankho limalembedwa ndi dzanja la munthu wina. Zakukhosi za banja zimadutsa m'makutu a anthu atatu. Amene muli m'makalasi a sukulu ya kwaca, onani pamenepa phindu la cimene mukuphunziraco.

Zotsala m'midzi yathu

Moyo wa kumalaini sunathere m'kampu. Magule a malipenga ndi mganda, amene amabvinidwa m'mbali mwa nyanja ya Niassa tsidya lino ndi tsidya lija, anatengera kuguba, zobvala ndi maudindo a asilikari. Amuna obvina amaoneka bwino m'makabudula oyera, ndipo anthu amaombera m'manja. Koma amene anatunga madzi, naphika phoso, nabereka ana m'malaini a kutali alibe gule wowakumbukira, ndipo mabuku a boma anangowawerenga ngati manambala.

Akulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Akazi aja a ku Mauritius anasiya kwao, munda ndi mbumba, kuti banja lisapasuke. Anzao a m'zaka zotsatira anatsala kwao, nalera ana okha zaka zitatu kapena zinai akudikira kalata. Onsewa analipira mtengo wa nkhondo za eni.

Kuno ku Moçambique nkhani yotere siisowa. Pa nthawi ya Apwitikizi, pa nkhondo ya ufulu ya 1964 mpaka 1974, ndi pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri anatsata msilikari kapena anamdikira. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo amene anakhalako kumalaini, kapena amene amai ao anawasimbira za moyo umenewo, khalani nao pansi. Afunseni kumene anapita, cimene anadya, amene anawathandiza pobereka, ndi amene amaweruza milandu yao. Lembani m'kope mau ao monga momwe awanenera, muikepo caka ndi dzina la malo, ndipo kopelo mulisunge bwino kuti ana adzaliwerenge.