Mapulogalamu a Kompyuta ndi Njira Yopatsirana

Lero tikambirana za njira ina yotengera mapulogalamu a kompyuta pa intaneti.

Pali mapulogalamu amene eni ake amalola munthu aliyense kuwatenga, kuona m'mene anawalembera, kuwasintha ndi kupatsako anzake popanda kulakwira lamulo. Pa Cingelezi amawacha open source. Yodziwika kwambiri ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba ku Finland mu 1991. Pa maziko a Linux ndi pamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa Ubuntu mu 2004. Koma mapulogalamu otere amakhala akulu ndithu. Ubuntu ya mu 2024 inaposa magigabaiti 5. Anthu zikwizikwi akafuna kuitenga tsiku limodzi kucokera pa kompyuta imodzi ya eni ake, kompyutayo imalemedwa, ndiponso eni akewo amalipira ndalama zambiri.

Tsono ganizani za kalasi lanu. Tinene kuti muli ana 40, ndipo aphunzitsi ali ndi mapepala 40 a mafunso amene aliyense ayenera kukopera onse. Mukandanda pa mzera kuyembekeza mulu wonsewo, temu idzatha ambiri asanaugwire. Nanga aphunzitsi akapatsa mwana aliyense pepala limodzi? Wina akatsiriza asinthana ndi mnzake, ndipo amene wakopera kale mapepala atatu alola anzake kukopera m'buku lake. Nchito iyenda msanga cifukwa wolandira aliyense ali woperekanso.

Umu ndi m'mene BitTorrent imagwirira nchito. Anaikonza ndi Bram Cohen mu 2001. Pulogalamu imadulidwa m'tizidutswa tambirimbiri, ndipo kompyuta yanu imatola kacidutswa aka kwa munthu uyu, kena kwa wina wa kutali, uku ikuperekanso timene yalandira kale. Anthu akaculuka, liwiro nalonso limakula. Magetsi akazima, monga tidziwa kuti amazima, simuyambanso poyambirira; mupitiriza pamene munalekezera.

Mwina mufunsa kuti, “Nanga wina akatipatsa kacidutswa koipa?” Musanayambe, mumatenga kafaelo kakang'ono kochedwa torrent, kamene kali ndi cizindikiro ca masamu ca kacidutswa kalikonse. Kacidutswa kosagwirizana ndi cizindikiro cake kamatayidwa. Mu February 2016 akuba analowerera malo a pa intaneti a Linux Mint nalozera anthu ku pulogalamu yoipitsidwa, koma amene anatenga mwa torrent sanakhudzidwe. Komabe citetezo conseci cidalira kafaelo kaja. Mukakatola kwa munthu wosadziwika, kompyuta idzasonkhanitsa mokhulupirika cinthu coipa cimene iye anakonza. Katengeni kwa eni ake okha.

Zobvuta zinanso zilipo. Onse amene mukupatsirana nao amatha kuona nambala imene kompyuta yanu imadziwika nayo pa intaneti. Pulogalamu yakale, imene anthu analeka kuigawa, ingakucedwetseni masiku osatha konse. Maofesi ndi masukulu ena amatseka njirayi cifukwa anthu ambiri amabera nayo mafilimu ndi nyimbo, ngakhale kuti kugawa Ubuntu si kuba.

Bvuto limene ndiona kuti likhudza masukulu athu koposa ndi la ndalama. Ambiri timagula intaneti yoyezedwa, ndipo zimene kompyuta ikutumiza kwa ena zimawerengedwa pamodzi ndi zimene ikulandira. Mukaiwala kuimitsa, mudzapeza kuti intaneti ya mwezi wathunthu yathera kwa anthu a ku maiko ena. Cotero aphunzitsi, ikani malire a zotumiza musanayambe, kapena citani nchitoyi pa malo amene intaneti siyezedwa. Mukatenga pulogalamuyo kamodzi, ikopereni pa fulashi ndi kupita nayo ku masukulu oyandikana nanu, pakuti eni ake analola zimenezo.