Tabuleti kapena laputopu? Tiyeni tifunse fizikisi

Ambiri mwa inu mukamaliza Fomu 4 mudzafuna chipangizo cholembera ntchito za ku koleji. Ndalama ya makolo imatuluka kamodzi, ndiye ndi bwino kudziwa chomwe mukufuna musanalowe m'shopu. Kodi tabuleti ingakwanitse ntchito ya laputopu?

Makampani akhala akuyesa kwa zaka ndithu. Apple inatulutsa iPad yoyamba mu 2010, ndipo ambiri ankangoiwerengera mabuku ndi kuonerapo mafilimu. Mu 2014 Microsoft inatsatsa Surface Pro 3 kuti ndi tabuleti yolowa m'malo mwa laputopu. Mu 2021 Apple inaika mu iPad Pro purosesa ya M1, yomweyo imene inali mu laputopu ya MacBook Air. Koma kufanana purosesa si kufanana zonse. Pali zinthu zitatu zoti muone: batire, kutentha ndi mapulogalamu.

Batire

Mukukumbukira fomula ija ya m'kalasi, E = P × t? Mphamvu yosungidwa m'batire imayezedwa mu Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola. Tiyerekeze kuti tabuleti ili ndi batire ya 30 Wh ndipo ikudya mawati 3 pamene mukuwerenga manotsi. Gawani 30 ndi 3, mupeza maola 10. Tsopano laputopu ya batire ya 50 Wh imene ikudya mawati 12.5 ingokhala maola 4 basi. Mwaona? Batire yaikulu ndi ya laputopu, koma yatha msanga chifukwa chipangizocho n'chadyera.

Matabuleti ambiri amayendera mapurosesa a mtundu wa ARM, ofanana ndi a m'mafoni, amene anapangidwa kuti azidya magetsi ochepa. Komanso ambiri amatchajidwa ndi chingwe cha USB, choncho pawabanki kapena kasola kakang'ono kakhoza kukupulumutsani magetsi akazima. Apa tabuleti yapambana.

Kutentha

Mphamvu siitayika, imangosintha mtundu. Pafupifupi magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Malaputopu ambiri ali ndi fani yopemerera mpweya wotentha kunja, ndiyo convection ija. Tabuleti nthawi zambiri ilibe fani. Kutentha kumayenda mwa conduction kufika kuchikuto chakumsana, kenako n'kumwazikira mumpweya pang'onopang'ono.

Nanga mukaipatsa ntchito yolemera kwa nthawi yaitali, monga kukonza vidiyo? Ikatentha kwambiri, purosesa imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Akatswiri amati thermal throttling. Zili ngati wothamanga wa mamita 100 amene mwamuuza kuti azungulire bwalo kakhumi: ayamba ndi liwiro, koma posakhalitsa ayamba kuwefuka. N'chifukwa chake musamaike tabuleti padzuwa kapena pabulangete mukamagwira ntchito, chifukwa bulangete limatsekereza kutentha.

Mapulogalamu ndi manja anu

Apa ndi pamene ambiri amagwa m'mbuna. Word ndi Excel zilipo pa Android ndi pa iPad, koma zina zimene zili pa kompyuta mulibe. Microsoft Access, yopangira madatabesi, imayenda pa Windows pokha. Ndiye ngati kosi yanu ikufuna pulogalamu yotere, tabuleti ya Android sikuthandizani, ngakhale ikhale yodula bwanji.

Kulemba nakonso n'kofunika. Kiyibodi ya pasikirini imaphimba gawo lalikulu la tsamba, ndipo zala sizimva pamene batani lathera. Kuti mulembe masamba 10 bwinobwino, mufunika kiyibodi yapadera, mwinanso mausi. Muwonkhetse mitengo ya zimenezi musanati tabuleti ndi yotchipa.

Ndiye mugule chiyani?

Ngati ntchito yanu ndi kuwerenga ma PDF, kulemba manotsi, kufufuza pa intaneti ndi kulemba nkhani zazifupi, tabuleti yokhala ndi kiyibodi ikukwanirani, makamaka kumene magetsi amavuta. Ngati mukupita ku uinjiniya kapena sayansi ya makompyuta, laputopu ndiye mnzanu. Musanagule, funsani amene akuchita kale kosi imene mukufunayo kuti amagwiritsa ntchito mapulogalamu ati.

Kantchito ka lero: batire ya 24 Wh yatha m'maola 6. Kodi chipangizocho chimadya mawati angati?