Denga la ku Florence ndi Anthu Ofukula Zakale

 Madzulo ano tiyendere limodzi ku dziko la Italy, mumzinda wa Florence umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Arno, kuti timve za mbadwo wa amisiri ndi anthu ophunzira amene, zaka 600 zapitazo, anadzutsa nzeru zimene zinagona tulo nthawi yaitali.

M'chaka cha 1296 akuluakulu a mzindawo anayala maziko a tchalitchi chachikulu cha Santa Maria del Fiore. Ndipo mu 1367, mliri woopsa wa 1348 utapulula kale anthu miyandamiyanda, otsalawo anapangana ndi kulumbira kuti pamwamba pa guwa padzakhala denga lobulungira, lotambalala mamita pafupifupi 45, loyambira pamwamba poposa mamita 50 kuchokera pansi, chinkana panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa mamangidwe a denga lotero. Mwambo wa omanga unali wakuti ayambe aimika chimango cha matabwa chochirikiza njerwa kufikira matope atauma, koma mitengo yokwanira dzenje lalikulu chomwecho ikanadulidwa m'nkhalango iti? Makoma anakwera, pamwamba nipakhala pululu. Monga Davide anasonkhanitsira mwana wake Solomo zomangira kachisi amene iye mwini sanamuone, momwemonso makolo a ku Florence anasiyira adzukulu awo ntchito ndi lumbiro.

M'masiku omwewo munabuka anthu a ludzu la mabuku akale a Aroma ndi Agiriki, amene anakhulupirira kuti munthu wophunzira kulankhula kwa luntha, ndakatulo, mbiri yakale ndi makhalidwe oyenera adzatumikira bwino mzinda wake ndi Mulungu wake. Petrarch anapeza makalata a Cicero ku Verona mu 1345. Manuel Chrysoloras anachokera ku Constantinople nayamba kuphunzitsa Chigiriki ku Florence mu 1397. Poggio Bracciolini, mlembi wa Papa, pokhala pa msonkhano waukulu wa Mpingo ku Constance, ankazemba kupita m'nyumba za amonke kukafunafuna zolembedwa zoiwalika, ndipo mu 1416 anapeza ku St Gall buku lathunthu la Quintilian litakutidwa ndi fumbi, chaka chotsatira napezanso ndakatulo yaitali ya Lucretius yonena za chilengedwe. Popeza makina osindikizira anali asanafike, zonsezi ankazikopera pamanja, tsamba ndi tsamba, nazitumiza kwa abwenzi awo. Paja mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awa anagonera zaka mazana ambiri.

Chimene Poggio anachita ndi mabuku, Filippo Brunelleschi anachichita ndi miyala. Iyeyu, wobadwa mu 1377, anali wosula golide, ndipo mu 1401 anapikisana ndi Lorenzo Ghiberti pa ntchito yokonza zitseko zamkuwa za nyumba yobatiziramo, aliyense atasema Abrahamu ali pafupi kupereka Isake nsembe. Ntchito inapita kwa Ghiberti. Wolemba mbiri ya moyo wa Filippo amasimba kuti iye anapita ku Rome pamodzi ndi bwenzi lake Donatello, nakhala akuyeza ndi kukumba m'mabwinja, kotero kuti eni mzinda anawayesa ofuna chuma chokwiriridwa. Kumeneko kunali Pantheon, kachisi wa denga lobulungira amene Aroma anamanga kalekale, akali chiimire.

Koma tingamulakwire mmisiriyu tikati anangotengera za Aroma, pakuti Pantheon anakhazikika pa khoma lozungulira lochindikala koposa, pamene denga la ku Florence linayenera kukhala pa makoma a mbali 8, aatali ndi opanda zochirikiza kunja. Zakale zinamupatsa mtima wakuti chinthucho n'chotheka. Njira anaipeza yekha. Pamene bungwe la amalonda a nsalu zaubweya, limene linkayang'anira ntchito ya tchalitchicho, linaitanitsa maganizo mu 1418, Filippo anati adzamanga popanda chimango chochokera pansi, ndipo ambiri anamukayikira. Komabe mu 1420 ntchito inayamba, Ghiberti yemwe uja ataikidwa pambali pake.

Tamvani tsono luso lake. Anamanga madenga awiri, lina mkati mwa linzake ngati mbiya yaing'ono yovundikiridwa ndi yaikulu, lamkati lochindikala kuti lisenze kulemera, lakunja lopepuka kuti litchinge mvula, napatula mpata pakati pake wodutsamo makwerero. Anazinga dengalo ndi malamba a miyala yolumikizidwa ndi zitsulo, kuti lingaphasuke pokankhira kunja. Ndipo poyala njerwa, zimene zinaposa 4 miliyoni, pakati pa zogona ankaimiritsapo zina motsatana, mwa dongosolo limene amisiri a kumeneko amalitcha msana wa nsomba, kotero kuti mzere uliwonse, ngakhale unkapendekera mkati pamwamba pa phompho, unkadzigwira wokha kufikira mzere wonse utakumana. Pokweza katundu anapanga makina oyendetsedwa ndi ng'ombe, okhala ndi mawilo a mano otembenuzika, mwakuti katundu ankakwera kapena kutsika ng'ombe zikuyendabe mbali imodzimodzi, osazimasula goli.

Mutu umodzi susenza denga. Tiwakumbukirenso owumba njerwa, osema miyala ndi omanga amene ankakwera m'mamawa nadyera chakudya chawo komweko kumwamba, vinyo wawo atasungunulidwa ndi madzi kuti phazi lingaterereke. Maina awo samveka m'nyimbo, koma mzere uliwonse unadutsa m'manja mwawo. Filippo mwini wake sanapambane pa zonse: ngalawa yaikulu imene anapanga kuti izinyamula miyala ya nsangalabwi pa Arno inamira ndi katundu wake, iye nataya chuma chambiri.

Pa 25 Malichi 1436 Papa Eugene IV anapatula tchalitchicho, ndipo miyezi yowerengeka pambuyo pake denga linatsekedwa, patatha zaka 140 chiyalire maziko. Chaka chomwecho Leon Battista Alberti, mmodzi wa ophunzira aja, anapereka kwa Filippo buku lake lonena za kujambula, natamanda dengalo monga umboni wakuti ana a masiku akewo sanachepekedwe nzeru poyerekeza ndi akale. Filippo anamwalira mu 1446, naikidwa m'tchalitchi momwemo, ulemu umene sunali wa mmisiri wamba.

Nsonga ya pamwamba inatsirizidwa iye atapita, ndipo mu 1471 mpira wamkuwa wokutidwa ndi golide unakwezedwa pamenepo ndi anthu a mmisiri Andrea del Verrocchio. Pakati pa ophunzira ntchito a Verrocchio panali mnyamata wa zaka 19 wochokera kumudzi wa Vinci, dzina lake Leonardo, amene anayang'anitsitsa makina a Filippo nawajambula m'makope ake.